Mwambo wa Kutulutsa Nyimbo Yatsopano, kwa Achinyamata ndi kwa Nkhalamba Zomwe

Popeza masiku ano mwana aliyense amene ali ndi foni m'manja ndi mnzake wodziwa kompyuta wasanduka woimba, ndipo popeza nazonso nkhalamba za kutsidya kwa nyanja, zimene tinkayesa kuti zidapachika kale magitala kuti zizilera zidzukulu, zadzambatuka ndi kuyamba kulimbirana bwalo ndi ana obadwa dzulodzuloli, ndaona kuti n'koyenera kuti wina aimirire pakati pa khamu, akhosomole pang'ono, ndi kupereka mwambo wa katulutsidwe ka nyimbo yatsopano, kuti pasapezeke munthu wolowa m'bwalo ali wosavinidwa. Malangizo angawa ndi aulere, ndipo amene adzawatsate n'kugwa nawo chagada asadzafike pakhomo panga kudzafuna chipepeso.

Ndiyamba ndi inu ana anga, amene dzina lanu likudziwika ndi amayi anu okha. Lamulo loyamba ndi la tsiku. Makolo athu ankaimba nyimbo pamene yawafikira, kaya ndi pamtondo, kaya pamowa wolimitsa munda, kaya paukwati. Koma inu dziwani kuti kuyambira pa 10 Julayi 2015 akuluakulu a malonda a nyimbo pa dziko lonse adapangana kuti nyimbo zatsopano zizibadwa Lachisanu. Kale ku Britain zinkatuluka Lolemba, ku America Lachiwiri, ndipo akuba a pa intaneti ankapezerapo mpata wotola nyimbo kumene yayamba kutuluka ndi kukaimwaza kumene isanafike. Chotero nyimbo ikakufikirani m'mutu Lachiwiri usiku, muiuze mwaulemu kuti ikhale kaye pakhonde. Ubwino wake ngwakuti simudzasungulumwa, pakuti owerengera za malondawa akuti nyimbo zoposa 100,000 zimathiridwa tsiku lililonse pa Spotify ndi m'misika ina ya mtundu umenewo. Ndipo Lachisanu, pamene nawonso mafumu a nyimbo atulutsa zawo ndi malipenga, nyimbo yanu idzaonekera bwino lomwe monga momwe kausipa kamodzi kamaonekera pathandala m'nyengo imene usipa wapha.

Lamulo lachiwiri ndi la kutalika kwa nyimbo, ndipo pano mutchere khutu. Amene tidakula ndi rumba wa ku Congo tikukumbukira nyimbo zimene gitala ankayenda yekha ulendo wautali, woimba asanatsegule n'kukamwa komwe, mwakuti munthu ankatha kupita kukapempha dzanja la dona, kukanidwa, kupempha wina, ndi kubwerera pabwalo nyimbo isanafike pakati. Mwambo umenewo udapita ndi eni ake. Makina a Spotify amawerenga kuti nyimbo yamvedwa pokhapokha womvera akapirira nayo masekondi 30. Akaidumpha pa sekondi ya 29, thukuta lanu lonse lapita pachabe, ngakhale kutsogoloko mudaikako mawu anzeru oposa a Solomo. Tsono musachedwe ndi malonje. Kolasi ibwere poyambirira penipeni, dzina lanu mulifuule gitala asanalire, ndipo zonse zimene muli nazo mumtima muzikhuthule m'kamphindi kameneko, chifukwa wakumvaniyo chala chake chili kale m'mwamba. Mnyamata wa ku America wotchedwa Lil Nas X adagula zing'wenyeng'wenye za nyimbo yake ya Old Town Road pa intaneti ndi madola 30 okha, nyimboyo siinkafika ndi mphindi ziwiri zomwe, koma mu 2019 idakhala pa nambala wani ku America masabata 19, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Pamene idayamba kumveka adaitana mkulu wina woimba nyimbo za abusa a ng'ombe, Billy Ray Cyrus, kuti adzaikemo ndime yake, naitulutsanso, kenaka nabwereza ndi alendo ena. Phunzirani pamenepa kuti nyimbo imodzi, mukaisamala, ikhoza kubadwa kanayi, ndipo nthawi iliyonse anthu adzabwera kudzaona mwana.

Akale adati ukaipa dziwa nyimbo. Mwambi umenewu ndi wabwino, koma wakalamba, ndipo ine ndaukonza kuti ugwirizane ndi nyengo: ukaipa nyimbo dziwa kuvina. Nyimbo ya masiku ano imene ilibe gule wake pa TikTok ndi mwana wopanda mtundu. Taonani Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode, imene idatuluka ku South Africa kumapeto kwa 2019: idaoloka nyanja zonse pamene achinyamata ena a ku Angola adadzijambula mu 2020 akuivina mbale za chakudya zili m'manja, ndipo pasanapite nthawi anamwino, apolisi ndi ansembe a m'maiko akutali, amene sankamva ndi liwu limodzi lomwe la Chizulu, anali kuponda sitepe yomweyo m'nthawi ya mliri wa Covid-19. Taonaninso Tyla, msungwana wa ku Johannesburg, amene nyimbo yake ya Water idatuluka mu Julayi 2023. Iye povina ankadzithira madzi a m'botolo kumsana, dziko lonse nalo lidayamba kudzithira madzi kumsana, ndipo mu Febuluwale 2024 adalandira mphoto ya Grammy, woyamba kuilandira m'gawo latsopano la nyimbo za ku Africa. Sindikunena kuti nyimbozi zinali zoipa, ayi ndithu, zinali zokoma. Ndikungonena kuti zokoma zinalipo zambiri m'zaka zimenezo, koma zinalibe mbale kapena botolo.

Chotero, mwana wanga, mawu a nyimbo muwaganizire pomalizira. Yambani ndi kufunafuna chiwiya chimene ena sanachigwirepo, kaya ndi chipande, kaya lichero, kaya pampu ya njinga. Mukachipeza, sankhani khoma la nyumba ya mnansi wanu limene lili ndi penti, tsamiritsani foni pa njerwa ziwiri, ndipo muuze mng'ono wanu aime chapatali ndi kamtengo kopirikitsira nkhuku, chifukwa palibe chimene chimaononga ulemerero wa woimba koposa tambala wodutsa kumbuyo kwake akuthamangitsa thadzi. Vinani masekondi 15, onani, fufutani, vinaninso, kufikira dzuwa litapendeka ndipo malaya obwereka aja anyowa ndi thukuta. Gule wake akhale wosavuta, woti ndi azakhali omwe a nyamakazi akhoza kumuyesa pa chinkhoswe. Ngati anthu atayamba kuseka tambala uja m'malo motamanda inu, musakwiye; mubwezereni m'kanema, pakuti mwina mwayi wanu wadzera mwa iyeyo.

Za malipiro ndinena mwachidule, chifukwa nawonso ndi achidule. Kumvedwa kamodzi kwa nyimbo pa Spotify sikubala ngakhale senti imodzi ya ku America, ndipo kuyambira mu 2024 nyimbo imene siinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 siilandira kanthu n'komwe. Mutu umodzi susenza denga: sonkhanitsani mbumba yonse, akuchimuna ndi akuchikazi, muwagulire mayunitsi, ndi kuwapempha kuti aliyense apirire masekondi 30 aja m'mawa ndi madzulo. Mukadzawerengera bwino mudzapeza kuti ndalama za mayunitsi zaposa zimene mwalandira, koma zimenezo ndi nkhani za ogulitsa tomato. Inu ndinu waluso.

Tsopano ndigwade ndi kuomba m'manja, pakuti ndatembenukira kwa inu akuluakulu, eni bwalo, amene mayina anu adamveka ife tikadali kusewera m'fumbi. Inu malamulo onse ndanenawa sakukukhudzani. Chuma chanu chachikulu ndi kukhala chete, ndipo mukakusunga zaka zambiri kumabereka chiwongoladzanja. A Rolling Stones adakhala kuyambira 2005 osatulutsa chimbale cha nyimbo zawozawo zatsopano, ndipo pamene adatulutsa Hackney Diamonds mu Okutobala 2023, a Mick Jagger ali ndi zaka 80, olemba nkhani adathera inki yambiri pa kudabwa kuti mkuluyo akadathabe kudumpha, kotero kuti za nyimbozo zidangotsatira pambuyo, pamodzi ndi mphoto ya Grammy. A ABBA a ku Sweden adaposa pamenepo, pakuti adadikira zaka 40, kuchokera mu 1981 kufikira Novembala 2021, asanatulutse chimbale cha Voyage. Ndipo poona kuti mawondo sangalolenso kuvina usiku ndi usiku, adamangitsa nyumba yaikulu ku London, m'mene kuyambira mu Meyi 2022 zithunzithunzi zawo zopangidwa ndi makompyuta, zooneka monga iwo adalili m'zaka za m'ma 1970, zimaimba ndi kuvina pamaso pa anthu olipira matikiti, eni akewo ali phee kwawo. Kwathu kuno munthu wolemera mwa njira yotere akadamutengera kwa mfumu pa mlandu wosunga ndondocha, koma kumeneko amati ndi chitukuko.

Ngakhale imfa imene isakudetseni nkhawa. A John Lennon adaphedwa mu 1980 ndipo a George Harrison adamwalira mu 2001, koma mu 2023 gulu la Beatles lidatulutsa nyimbo yatsopano, Now and Then, onse anayi alimo. Mawu a Lennon adachokera pa kaseti yakale imene adajambula kunyumba kwawo akuimba ndi piyano m'zaka za m'ma 1970, ndipo makina a akatswiri a Peter Jackson, mkulu wopanga mafilimu wa ku New Zealand, ndiwo adalekanitsa mawuwo ndi kulira kwa piyano, ntchito imene idakanika mu 1995 pamene anzawo atatu adaiyesa koyamba. Mfumu Sauli adayenda usiku modzibisa kukafuna mkazi wa ku Endori kuti amuutsire Samueli, ndipo zidamuthera moipa. Awa adachita zawo masana dzuwa likuswa mtengo, nyimbo idafika pa nambala wani ku Britain, nilandiranso Grammy. Idatuluka pa 2 Novembala, limene linali Lachinayi, kusonyeza kuti pangano la Lachisanu lija silimanga akumanda. Langizo langa kwa inu akuluakulu n'lakuti musataye kaseti iliyonse, ngakhale imene mudangojambulamo kutsokomola. Muilembe dzina ndi kuiika m'sutikesi, pakuti adzukulu adzadya momwemo.

Njira ina, imene ine ndimaikonda chifukwa siitopetsa, ndiyo kusachita kanthu. Mayi Kate Bush adaimba Running Up That Hill mu 1985. Patapita zaka 37, sewero la pa Netflix lotchedwa Stranger Things lidaiika m'kati mwake, ana adaiyesa yatsopano, ndipo mu Juni 2022 idakwera pa nambala wani ku Britain mayiwo asanatuluke ndi pakhomo pomwe. Nafenso tili nayo mboni yathu, a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, amene nyimbo yawo ya Linny Hoo, ataiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, idazungulira dziko pa TikTok, anthu a zilankhulo zosiyanasiyana akuivina, pamene zidamveka kuti agogowo analibe ndi foni yomwe yoonera zimenezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chovuta chake n'chakuti nkhonoyo nthawi zina imatsegula maso munthu ali ndi zaka 90. Amene simungathe kudikira chotero tsatirani Taylor Swift, amene atasemphana ndi ogula nyimbo zake zakale adajambulanso zimbale zinayi pakati pa 2021 ndi 2023, nyimbo zomwezo, woimba yemweyo, ndipo omutsatira adagulanso mokondwera zimene anali nazo kale m'nyumba.

Koma mwambo woposa yonse, umene anamkungwi amanong'oneza pomalizira anthu wamba atabalalika, ngwa ana a Gallagher a ku Manchester, Noel ndi mng'ono wake Liam, eni gulu la Oasis. Iwowa adakangana ku Paris mu Ogasiti 2009, khamu likuwadikira kuti akwere pansanja, ndipo gulu lidathera pomwepo. Zaka 15 adakhala akunyozana poyera, m'manyuzipepala ndi pa intaneti, dziko lonse likumvetsera monga momwe anthu amachitira pakakhala ndewu kwa aneba. Mu Ogasiti 2024 adalengeza kuti agwirizana, ndipo anthu ankhaninkhani adakhala pamzere wa pa intaneti tsiku lathunthu, ena n'kupeza pofika kutsogolo kuti tikiti ya mapaundi pafupifupi 150 yakwera kupitirira 350 iwo ali chiimire. Mu Julayi 2025 abale awiriwo adatulukira pansanja ku Cardiff atagwirana manja, amuna a ndevu za imvi nagwetsa misozi. Nyimbo yatsopano panalibe ndi imodzi yomwe, ndipo palibe amene adaifunsa.

Tsono inu achinyamata amene mukuyamba kumene, ngati muli ndi nzeru, lowetsani m'bale wanu m'gulu lero lomwe, ngakhale sadziwa kugwira gitala, kuti mudzakhale naye wokangana naye nthawi ikadzakwana. Akhale wa bere limodzi. Msuweni sathandiza, chifukwa kutukwanana kwa pachisuweni aliyense amadziwa kuti ndi macheza, ndipo palibe adzagule tikiti kuti adzaone asuweni akugwirana chanza. Mkanganowo uchitike pamaso pa mboni, makamaka tsiku limene anthu alipira kale pakhomo. Ndipo muwauziretu amalume anu kuti asafulumire kuyala mphasa ndi kuitana akuluakulu a m'mudzi, chifukwa akakuyanjanitsani chaka chomwecho, phindu lonse la zaka 15 lidzathera pa nkhuku imodzi yodyera pamodzi.