Hita ya ku Japan m'dziko la thukuta

Anthu a ku Japan ndi aulemu, koma pali chinthu chimodzi chomwe sanatifunse. Akamapanga galimoto amaikamo hita, poganizira mbale wawo wa ku Sapporo amene amadzuka m'mawa n'kupeza chipale chofewa chatseka pakhomo. Galimoto ija ikakalamba amaikweza sitima, itsike pa Dar es Salaam, idutse pa Songwe, mpaka ifike m'manja mwa ine ndi inu, anthu amene mwezi wa Okutobala timagona pakhonde pothawa kutentha. Hita ija imabwera nayo limodzi. Msonkho timailipirira, mafuta oinyamulira timagula, koma mbali yofiira ya kabatani kaja sitipotokolerako dzanja.

Ine ndinkakhulupirira kuti chinthu chomwe sugwiritsa ntchito sichingawonongeke. Suti yanga ya ukwati ikadali yatsopano m'sutikesi, kungoti mimba ndi yomwe inasintha maganizo. Ndiye kagalimoto kanga katayamba kumwa madzi, za hita sindinaziganizeko n'komwe. Ndithira lero, mkuja kabotolo kauma. Ndisuzumira kunsi, pansi pali gwa. Nditsegula boneti, mapayipi onse ali bwinobwino. Ndinafika poyamba kuwayang'ana ndi diso lina anyamata otsuka galimoto, ngakhale sindinkadziwa msika womwe munthu angakagulitseko madzi a dzimbiri.

Kenaka kunabwera fungo. Kafungo kotsekemera, kamaswitimaswiti, kochokera m'timabowo ta mphepo. Lamulungu lina tikupita kutchalitchi mayi akunyumba ananunkhiza, kunali kununkhizanso, basi dzanja pa wailesi, thi!

"Abambo, mumanyamula ndani m'galimoto muno?"

"Palibe mayi, anzanga akuntchito basi."

"Anzanu akuntchitowo ayamba liti kudzola perefyumu wa maswiti?"

Ndisanayankhe, anaona kuti galasi lakutsogolo lachita nthunzi mkati, nthunzi yake yamafutamafuta yoti ukapukuta imangopakika. Atavula nsapato anapeza kapeti wa mbali yawo ali chonyowa. Fungo lachilendo, magalasi a nthunzi, malo a mayi atanyowa. Ngakhale ine mwini wake, nditaumva umboniwo, ndinayamba kudzikayikira. Ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve, ndipo pofika madzulo nkhani inali kwa ankhoswe.

Mwayi wanga unali woti nkhoswe ya kuchikazi ndi mlongo wawo wamkulu wa mayiwa, amene anakalambira pa chiwongolero cha mathiraki a ku Beira. Anamvetsera mbali zonse ziwiri, kenaka anati tikaone pamalo pa ngozi. Anagwada pakhomo la galimoto, n'kugwira kapeti uja, n'kutikita zala zawo, n'kuzinunkhiza.

"Alamu," anatero akudzuka, "mkazi ameneyu ndikumudziwa. Wapasula mabanja ambiri. Dzina lake ndi heater core."

Anatiphunzitsa kusiyanitsa. Madzi a eyakoni, payipi yake yotayira kunja ikatsekeka, nawonso amanyowetsa kapeti, koma amakhala oyera, opanda fungo. Awa anali oterera m'zala, obiriwira, onunkhira shuga. Nditafuna kulawa kuti mlandu utheretu, anandimenya dzanja. Mankhwala a mu coolant, otchedwa ethylene glycol, amatsekemera koma ndi poizoni, amapha impso, ndipo agalu ndi ana aang'ono ndi omwe amakopeka nawo akatayikira pansi. Mayi akunyumba anandikhululukira mlandu wa chibwenzi, n'kunditsegulira wina wofuna kupha ana.

M'mawa mwake ndinali pansi pa mtengo wa mango kwa amakaniko anga. Iwo ndi amene anandiululira kuti galimoto ili ndi maradiyeta awiri. Wamkulu uja timamudziwa tonse, ali kutsogolo. Koma kuseri kwa dashibodi kuli kena kakang'ono, masentimita 20 kapena kuchepera apo mbali iliyonse, kokhala ndi timapayipi topyapyala ta aluminiyamu. Mapayipi awiri a labala amaboola khoma lolekanitsa injini ndi anthu, ina kulowetsa madzi otentha, ina kuwabweza. Ukatsegula hita, fani imapemerera mphepo kudutsa pa karadiyetako, mapazi n'kufunda.

"Koma ine hita sindiyatsa," ndinadziteteza.

"Bwana, inu simuyatsa, koma madzi safunsa. M'galimoto zambiri za masiku ano amazungulira mmenemo nthawi zonse. Kabatani kanu kamangotseka kachitseko ka mphepo."

Madzi akewo si ofunda chabe ayi. Injini imagwira ntchito pa madigiri 90 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo chitsekerero cha radiyeta chimasunga mphamvu yokwana pafupifupi bar imodzi kuti madziwo asawire pa 100. Ndiye kabowo koti singano singalowe kamakwanira kupopera nthunzi m'galimoto monse.

"Mumathira chiyani mu radiyeta, bwana?"

"Madzi."

"A pati?"

"A pampopi. Tikapita kumudzi a pamjigo. Tsiku lina pa Zalewa ndinatunga a mu Shire."

Kamnyamata kowagwirira masipanala kanathawira kuseri kwa minibasi kukaseka. Amakaniko anati coolant samaika chifukwa cha chisanu chokha. Muli mankhwala oletsa dzimbiri, omwe amatha mphamvu pakapita zaka, ndipo munthu akamangowonjezera madzi wamba, makamaka a mchere a pamjigo, zitsulo zimadyeka kuchokera mkati. Fungo lija linabwera chifukwa mwezi womwe ndinalandira ya chipereganyu ndinagula botolo limodzi la coolant wobiriwira kuti galimoto nayo idyeko Khirisimasi. Tsiku lokhalo lomwe ndinaichitira zabwino ndi lomwe inakandinenera kwa mkazi wanga.

Ndinafunsa mtengo. Karadiyetako, anati, kogwiritsidwapo kale ntchito kamapezeka ku Ndirande, ndipo si kodula kwenikweni. Chodula ndi ulendo wokakafikira. Uchotse batire chifukwa cha ma airbag, utsitse chiwongolero, uzule wailesi, mageji, kakabati ka mapepala, dashibodi yonse ituluke panja. Galimoto zina mpaka gasi wa eyakoni atayidwe, adzathiridwe wina. Ntchito ya tsiku lathunthu, mwina kugonera. Atatchula ndalama ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti ndasiya nyemba pamoto.

Munthu wopanda ndalama sasowa alangizi. Wina pa bawo anati ndiswere dzira laiwisi mu radiyeta, likapsa likamata bowolo. Wa kabaza wina anati dzira n'lachikale, ndithire curry. Mlonda wa kuntchito analumbira pali malemu agogo ake kuti tsabola wakuda wopera salephera. Pomaliza ndinagulanso kabotolo ka m'sitolo kolembedwa kuti kamamata kudontha kulikonse. Posafuna kukhumudwitsa aliyense, ndinathira zonse. Mayi akunyumba atawerenga mazira m'thireyi anangoti, "Pitirizani abambo, kwatsala tomato ndi anyezi. Galimoto ikudya bwino kuposa ana."

Chilungamo chake, kudontha kunasiyadi kwa masiku angapo, ndipo ndinayamba kulangiza anthu ena. Chomwe alangizi anga sananene n'choti dzira silisankha bowo. Limamata lomwe mukulifuna ndi lomwe simukulifuna lomwe, kuphatikizapo timapayipi ta radiyeta wamkulu uja. Ndinazidziwira pobwera kumaliro ku Chikwawa, tikukwera mapiri aja ochokera pa Thabwa kulowera ku Blantyre, galimoto itadzaza anamfedwa. Muvi wa geji unanyamuka pakati pomwe umakhala n'kuyamba kukwera phiri mwachangu kuposa ife.

Madalaivala akale ali ndi nzeru yoti injini ikatentha pokwera, utsegule hita mpaka kumapeto, karadiyeta kaja kathandize kuchotsa kutentha. Nzeruyo ndi yoona, kwa anthu omwe hita yawo ndi yamoyo. Ine nditapotokola kabatani, m'galimoto munadzaza nthunzi yonunkha dzira ndi curry. Mayi ena kumbuyo anayambitsa nyimbo ya maliro yomwe tinali titaisiya kumanda.

Ndinaima pambali, ndipo chanzeru chimodzi chomwe ndinachita chaka chimenecho n'choti chitsekerero sindinachigwire. Ukatsegula injini ili yotentha, madzi onse amawira nthawi yomweyo n'kukuthovukira kumaso. Tinakhala pamiyala kudikira kuti izizire, anamfedwa akundiyang'ana, njinga zonyamula makala zikutipitirira. Walira mvula walira matope. Amakaniko atamva anati ndithokoze Mulungu, chifukwa ndikanakakamira pang'ono gasiketi ikanapsa, oyilo n'kusakanikirana ndi madzi, utsi woyera kumbuyo, ndipo tikanayamba kukamba za injini ina.

Atatsuka ndiwo zonse zija mu radiyeta, anandiyang'ana ndi chifundo.

"Bwana, poti ndalama ya dashibodi palibe, tingolambalala."

Anazula mapayipi awiri aja pakhoma la injini, n'kuwalumikiza okhaokha ndi kachitsulo kamphako ka mamilimita 16, n'kumanga ndi makilampu awiri. Anathira madzi, n'kuliza injini kuti mpweya wotsalira utuluke. Ndisanamalize chimanga chootcha chomwe ndinagula, ntchito inali itatha. Madzi tsopano ankachoka mu injini n'kubwerera mu injini osalonjera hita. Kapeti anauma, fungo linatha, m'banja munabwerera mtendere.

Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira kuti galimoto ya munthu ngati ine sikonzedwa, imalambalalidwa. Thermostat anaichotsa kalekale. Fani ya radiyeta anailumikiza dayirekiti, imalira kiyi akangotembenuka. Hutala ili pa kabatani ka belu la panyumba. Zenera lakumbuyo linakwezedwa komaliza n'kulichirikiza ndi kathabwa. Chilichonse chikadwala timachidutsa pambali, ndipo galimoto imayendabe, kungoti chaka chilichonse imatsala pang'ono kufanana ndi ngolo. Ndinayenda monyada dzinja lonse, ndikuuza aliyense kuti hita m'Malawi ndi katundu wongolemetsa.

Juni anafika. Apongozi anafunika kukaonana ndi adokotala ku Lilongwe, ndipo tinanyamuka usiku kuti tikafike m'mawa. Mpaka pa Balaka zinali bwino. Titadutsa Ntcheu n'kuyamba kukwera cha ku Lizulu, kunja kunazizira mwankhanza. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'bandakucha wa mwezi umenewu nkhungu imagona pamsewu wa M1 penipeni. Kunja nkhungu, mkati anthu akupuma, galasi linayera mbuu.

Apa ndi pomwe ndinadziwa ntchito ina ya hita yomwe sindinaiwerengere. Mphepo yotentha ija ndi yomwe imaumitsa galasi kuti woyendetsa aone kutsogolo. Eyakoni nayo imathandiza, koma yanga gasi anatha nthawi ya chisankho chapitacho. Ndinatsegula fani, inangopemerera chisanu. Ndinatsitsa mazenera, apongozi anayamba kutsokomola. Ndinakweza, msewu unasowa. Mapeto ake mayi akunyumba anavula chitenje chapamwamba n'kuyamba kupukuta galasi, kupukuta uku kukuyera uko, ine khosi lili panja ngati ndikufuna kulavula, liwiro la munthu woyenda pansi.

"Tiyeni tizipuma mosinthana," ndinapempha.

Palibe anaseka. Apongozi, atadzikulunga bulangete mpaka m'maso, anayankhula koyamba chinyamukire.

"Akamwini, basi ili ndi ulemu wake."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chisanu. Titabwerera ndinagwada kwa mayi akunyumba kuti anditengere ngongole ku banki m'khonde. Mmene ndalama zimakwanira, karadiyeta kabwino kamapezeka, amakaniko amapeza tsiku, n'kuti jakaranda atachita kale maluwa. Hita inakonzedwa mu Okutobala.

Ndinalakwitsa kupita kukaonerera. Ndinapeza galimoto yanga ili ngati mbuzi yosendedwa pa chinkhoswe, zam'kati zonse zili pa chiguduli, mawaya ali lendelende, chiwongolero chili pampando, kamnyamata kaja kakusewera ndi wailesi yanga. Karadiyeta kakale anakatulutsa kali kobiriwira m'makona, pena pake pakuoneka zotsalira za dzira. Anaika kenako, n'kubwezeretsa mapayipi, n'kuthira coolant theka madzi oyera theka, monga zimafunikira. Dzuwa likulowa dashibodi inabwerera m'malo mwake. Pa chiguduli panatsala masikuluwu odzaza dzanja.

"Nanga awa?"

"A ku Japan amaika ambiri dala, bwana. Kwawo kumachita zivomezi."

Tinayesa hita. Inatulutsa mphepo yotentha bwino, yopanda fungo, galasi lili mbee. Ndinalipira mosangalala n'kunyamuka. Pofika pa Ginnery Corner ndinapotokolera kabatani ku mbali yabuluu. Mphepo yotentha. Ndinabwezera kofiira, yotentha. Ndinazimitsa fani, kutentha kunkangotuluka kokha kumapazi. Masana a Okutobala, pamzere wa galimoto wosasuntha, ine ndikuwotha moto.

Amakaniko atasuzumira ndi tochi ya pafoni anapeza kuti kawaya kokoka kachitseko ka mphepo kaja sanakakole. Kali mkati, kuseri kwenikweni, komwe dzanja la munthu silifika dashibodi ili pomwepo.

"Pali njira ziwiri, bwana. Titsitsenso dashibodi, koma pamenepo muganizepo kangachepe." Anapisa dzanja m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kachitsulo kamphako kaja, makilampu ake ali pomwepo. "Kapena tingolambalala. Ndinakusungirani."

Ndawauza kuti nkhani yakula, ndikafunse kaye kwa ankhoswe.