Mbalume ya Pakhomo Pathu

Mwana wanga wa Sitandade 6 anabwera ndi funso la kusukulu Lachitatu madzulo: "Ababa, mbalume ya dziko la Malawi ndi yotani?" Bambo wa pakhomo saoneka mbuli pamaso pa ana. Ndinakhosomola kaye, n'kuyankha ndi mawu a m'chifuwa: "Warm Heart of Africa." M'mawa mwake mwana anabwerako ndi mtanda wofiira m'kope, aphunzitsi atalemba m'mbali kuti ulendo wina adzafunse munthu wina.

Manyazi anandituma kufufuza. Kani yankho linali m'thumba mwanga nthawi yonseyi, pa kandalama kachitsulo ka K10 kamene ngakhale mayi wa mandasi amakayang'ana monyoza. Mkango uku, kambuku uko, nkhwazi pamwamba, pansi pake mawu akuti Unity and Freedom. Umodzi ndi Ufulu, kuyambira 1964. Nthawi ya atsamunda, Nyasaland inali ndi yake ya Chilatini, Lux in Tenebris, kutanthauza kuwala mumdima. Usiku womwewo magetsi atathima, ndili kusakasaka machesi, ndinaona kuti imeneyi tinafulumira kuitaya.

A ku Zimbabwe ali ndi mawu awiri ngati athuwa, koma anawonjezerapo lachitatu: ntchito. Apa ndinathokoza amene anasankha yathu, anthuwo ankatidziwa. Ochenjera zedi ndi a ku Botswana. Mbalume yawo ndi liwu limodzi lokha, Pula, kutanthauza mvula, ndipo ndalama yawonso dzina lake ndi pula. Ukafuula kamodzi wapempha ziwiri, Namalenga asankhe yekha chokupatsa. Dziko la Kalahari lingalembenso chiyani? Ndinazindikira kuti mtundu uliwonse umalemba chimene mtima ukuchilakalaka, monga ine ndimalembera "nyama" pa kapepala kopita nako kumsika, n'kubwerako ndi bonya.

Nzeru zitandikwera m'mutu, Lachisanu ndinaitanitsa msonkhano wa banja pakhonde. Ndinati nafenso tikhale ndi mbalume, ndipo ndinali nayo kale: "Khama ndi Chitukuko." Mayi wa kunyumba sanasiye n'komwe kusadzula masamba a nkhwani.

"Bambo, musavutike mutu. Yanu ilipo kale, mumainena mwezi ndi mwezi."

"Iti?"

"Malipiro akalowa."

Ana onse anaomba m'manja, ngakhale uja ndinamulakwitsa mayeso. Ndinapempha kuti tivote mwachinsinsi, anandikanira. Umodzi ndinauona ndi maso tsiku limenelo, anthu asanu mtima umodzi. Ufulu wolankhula ndiwo sindinaupeze. Chitsirizira anatola khala pa mbaula n'kulemba mawuwo pakhoma, pafupi ndi chitseko, zilembo zikuluzikulu.

Loweruka eni nyumba anabwera kudzatenga lendi. Ndinawaonera pa zenera. Anaima, anawerenga pakhomapo, anapukusa mutu, n'kubwerera osagogoda.