Kandimverere Walowa Koleji

Akuluakulu anati Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mkulu ameneyu anamutuma kubwalo kuti akamve momwe mlandu wathera, iye n'kubwerako ndi nkhani ya chipewa cha mboni ndi galu amene anadutsa pamaso pa amfumu. Ambiri timayesa kuti anatisiya kalekale. Ali moyo ndithu, wanenepa, ndipo masiku ano amapezeka kukoleji, m'makalasi a Chingerezi momwe amaphunzitsa kulemba chimangirizo, kusanthula mabuku ndi luso la kulankhulana.

Phunziro la kulankhulanali amakumana nalo pafupifupi aliyense m'chaka choyamba. Kaya wabwerera za ulimi, kaya unamwino, kaya malamulo, ayambe wakhala pansi aphunzire kumvetsera, kulemba manotsi, kulemba lipoti ndi kalata yofunsira ntchito. Kunena mosapsatira, phunziroli analikonza kuti liphe Kandimverere. Koma likangogwa Lolemba m'mamawa, m'kalasi mumapezeka anthu owerengeka, ena onse atatuma mnzawo mmodzi kuti akawamverere. Mnzawoyo amajambula bolodi ndi foni, theka la mawu litabisika kuseri kwa mutu wa amene wakhala kutsogolo, n'kuponya chithunzicho pa WhatsApp. Aphunzitsi anati ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi. Uthenga pofika kogona ophunzira ukuti chimangirizo chonse chikhale ndime imodzi. Sabata yotsatira aphunzitsi amalandira mulu wa mapepala odzaza kuchokera pamwamba mpaka pansi, opanda ndi popumira pomwe.

Tisanamizire ana a lero okha. Ku America Kandimverere anatsegula bizinesi mu 1958, pomwe Clifton Hillegass wa ku Nebraska anayamba kugulitsa timabuku ta CliffsNotes, tofotokoza mwachidule masewero a Shakespeare kwa ophunzira amene analibe mtima wowerenga Shakespeare mwini wake. Timabukuto tinayenda malonda kwabasi. Chaka chomwecho ku London kunatuluka buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart, limene lero likuwerengedwa m'makoleji a dziko lonse lapansi. Ndati likuwerengedwa? Likufotokozedwa.

Apa m'pamene nkhani imandipweteka ndi kundiseketsa nthawi imodzi. Achebe analemba bukulo atatopa ndi a Kandimverere a ku Ulaya, anthu monga Joyce Cary, amene ankabwera ku Africa, kuyang'ana uku ndi uku, n'kukauza anzawo kwawo za m'maluwa. Ndiye anatenga Okonkwo, mwamuna woopa kufanana ndi bambo ake aulesi, n'kutiyendetsa naye pang'onopang'ono: m'munda wa zilazi, pabwalo la zolimbana, m'nkhalango momwe anapha Ikemefuna, mwana amene ankamutcha bambo, ndi ku Mbanta kwa amayi ake komwe anakhala zaka 7 atapirikitsidwa. Pamapeto penipeni, Okonkwo atadzimangirira, DC wachizungu akuyang'ana zonsezo n'kuganiza kuti munthuyu akhoza kukwana ndime imodzi m'buku limene iye akulemba. Pamenepo m'pamene Achebe anatchera msampha wake. Tsono wophunzira wathu, mayeso ali mawa, amatsegula foni n'kupempha kuti amufotokozere moyo wa Okonkwo m'ndime imodzi. Ntchito imene DC uja anangoiganizira, mwana wa ku Ntcheu waimaliza ndi bandulo yake yomwe.

Panali nthawi ina pomwe maluwa ankapulumutsa anthu. Gulu la Writers Group linayamba mu 1970 ku Chancellor College, koleji idakali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba mu 1973. Munali achinyamata monga Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Boma la Kamuzu linali ndi bungwe lounika mabuku kuyambira 1968, linalinso ndi a Kandimverere ake olipidwa. Alakatuli anaphunzira kulankhula mokuluwika, za nanzikambe, za m'bandakucha, ndipo Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimagumula nthaka. Kazitape akapita kukapereka lipoti ankanena zoona zokhazokha, kuti anyamatawo akukamba za nyengo ndi tizilombo. Sizinathe bwino masiku onse: Mapanje anamangidwa mu 1987, n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Koma taonani kusiyana kwake. Nthawi imeneyo ngakhale wapolisi ankayesetsa kuwerenga ndakatulo mpaka kumapeto. Lero wolakatula akhoza kunyoza aliyense m'ndime yachitatu n'kugona tulo tabwino, podziwa kuti palibe amene afikeko.

Kuchokera mu Novembala 2022, pomwe ChatGPT inatulukira, Kandimverere wasiya kuchita chibwibwi. Wakale uja ankagwidwa msanga chifukwa ankakanda mutu. Watsopanoyu amalankhula Chingerezi chosalala, sapsa mtima, sapempha ya basi, ndipo akasowa chonena amapeka molimba mtima. Mu 2023 maloya ena ku New York, pamlandu wokhudza kampani ya ndege ya Avianca, anapereka kukhoti milandu yakale 6 imene ChatGPT inawapatsa, yoti ichirikize mfundo zawo. Milanduyo inali ndi mayina, zaka ndi zigamulo, koma sinachitikepo. Woweruza anawalipitsa chindapusa cha madola 5,000. Ngati anthu ovala masuti, odya ndalama za kuwerenga, anagwa chagada chotero, nanga mwana wa chaka choyamba amene akuthamangitsana ndi asayimenti usiku magetsi atazima?

Aphunzitsi nawonso asadziyeretse. Munthu mmodzi, mapepala mazana, ndiye nawo amatuma wawo. Amalowetsa zimangirizo mu Turnitin kuti akawamverere ngati mwanayu wakopera. Makina alemba, makina ena aunika, ndipo pakati pa awiriwo pamatuluka malikisi abwino ndithu. Ophunzira ochenjera amapezanso makina achitatu oti aipitseko Chingerezicho pang'ono kuti chioneke ngati cha munthu. Taganizani: makolo anagulitsa ng'ombe kuti mwana akaphunzire Chingerezi chabwino, iye akulipira kuti chiwonongeke.

Tsiku lolandira digiri limafika. Abale amachita hayala minibasi kuchokera kumudzi, azakhali amalulutira mpaka mawu kusasa, ojambula zithunzi amakolola. Madzulo nsima itatha, amalume, amene anasiyira sukulu Sitandade 8 koma sanaphonyepo mlandu pabwalo la amfumu, amakokera mpando pafupi.

"Mphwanga, zaka zonsezi mumawerenga mabuku a anthu otchuka. Tatiuzeniko limodzi lokha, timve nafe. Likuti chiyani?"

Mnyamata amakonza chipewa chake cha ngodya zinayi, n'kupisa dzanja m'thumba.

"Amalume, mundidikire pang'ono. Netiweki kuno ikuvuta."