Ndinafika Lachitatu

Mwana wa mlongo wanga anagona ku limande sabata ina yathunthu chifukwa cha ine. Kwathu amati wolakwa ndi mwera, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikungogwedeza mutu. Lero ndiulule.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Usisya, kwa Mfumu Yaikulu Mbwana, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay. Mnyamatayo anamangidwa pa nkhani ya chilimira chimene chinasowa pagombe. Khoti la majisitireti linalola belo, bola wachibale wa pantchito abwere ndi chitupa kudzamuimira. Wachibaleyo ndinali ine, malume ake. Tsiku lake linali Lachiwiri.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, kumene ukaima pamsewu basi imabwera. Ku Usisya mapiri amatsetsereka mpaka kumiza mapazi m'nyanja, ndipo msewu wa ku Usisya umayamba wakwera kukatulukira ku Mzuzu, kenako n'kutsikanso ndi M5 makilomita pafupifupi 50 kuti ufike pa boma lako lomwe. N'chifukwa chake anthu a ku Usisya ndi ku Ruarwe amadalira Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951.

Msodzi wina wachikulire anandichenjeza uku akusoka ukonde: "Aphunzitsi, kwerani Ilala, mukagonere pa boma. M'mwezi wa June nyanja siipangana ndi munthu." Ndinawerenga ndalama za malo ogona, ndinaona kuti zachuluka, ndipo sitima ndinaiona ndi maso anga ikunyamuka. Ndinati ndikwera boti la injini Lolemba.

Tisanapite patali mwera unadzuka. Mafunde ankamenya kutsogolo kwa boti n'kutithira tonse, amayi atakumbatira madengu a usipa. Woyendetsa anakhotera pa kagombe kena kopanda msewu, ndipo tinagona pamchenga masiku awiri, chitupa changa chili m'jumbo mkati mwa malaya. Lachiwiri lonse ndinalithera ndikuyang'ana thovu panyanja.

Tinakocheza pa Nkhata Bay Lachitatu m'mawa. Padoko pomwepo, pa 3 March 1959, anthu anawomberedwa atasonkhana kufuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Ndimaphunzitsa zimenezi chaka chilichonse, koma tsikulo ndinadutsapo nditazolika. Iwo anabwera pamene abale awo ankawafuna.

Kalaliki wa khoti sanandikalipire. Anatsegula failo n'kuloza ndi cholembera: "Bambo, dzulo tinakuitanani katatu." Mlandu unali utapatsidwa kale tsiku lina, sabata yotsatira.

Panja, pamthunzi, ndinapeza mlongo wanga atakhala ndi kontena ya kondowole ndi batala wootcha, chakudya chimene ankapititsira mwana wake kundende. Anayang'ana nsapato zanga zodzaza mchenga, anatsegula kontenayo, nanyema mbali ina.

"Achimwene, sambani m'manja mudye. Mwanayo ndikamuuza kuti mwafika."