Kalata ya ku Joni: Ndalembedwa Ganyu Yoyendera Abwana

Okondedwa achimwene,

Kuno kulibe chovuta, kungoti chisanu cha June chikulowa mpaka m'mafupa. Ntchito yosamalira maluwa ija ikadalipo, ndipo andiwonjezera ina yoti mukaimva mugwa nako kuseka.

Anthu a ndalama kuno afika poti sangayende foni isanawalamule. M'foni muli ka apu kowerenga masitepe, phazi lililonse ukaponda kalemba. Ukakhalitsa pampando kamanjenjemera, ati dzuka. Abwana anga, bambo woopedwa ku ofesi kwawo, ka foni kakangotero amadzukadi n'kumazungulira tebulo. Adona akhala akunena zomwezo zaka ndi zaka, osamveka.

Aliyense akuthamangira masitepe 10,000 pa tsiku. Nambala imeneyi sinachokere kwa dokotala ayi, inayambira ku Japan m'ma 1960, kampani ina ikutsatsa kachipangizo kake kowerengera masitepe. A WHO amangoti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Koma inshulansi ya chipatala ya abwana imapereka mapointi ukayenda kwambiri, ndipo mapointiwo amasanduka khofi waulere. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Abwana galimoto amaikwerera m'galaja, kukatsikira pansi pa ofesi, kenako chikepe. Pofika madzulo masitepe awo amangofanana ndi a nkhuku yofungatira mazira. Ndiye m'mawa wina anandikodola kuseri kwa nyumba, kuyang'ana uku ndi uku, n'kundiponyera foni m'thumba la ovolosi. Ati ndizitchetcha kapinga ili momwemo, ikalira ndisayankhe. Ndamva kuti poyamba anaimangirira pakhosi pa galu, koma galuyo ndi wa ku Joni, naye amaswera pa sofa.

Achimwene, nkhomaliro isanakwane foni ija imakhala itadutsa 10,000, n'kumaimba, tinyenyezi tili waliwali. Abwana amamwa khofi, ine amandipatira R20. Vuto ndi loti adona ayamba kukayika. Masitepe akukwera, mimba nayo ikukwera, lamba wasuntha bowo limodzi koma kulowera kolakwika. Dzulo anandiyang'anitsitsa n'kuti ndaonda, ine ndinati ndi chisanu.

Komabe sindingazinyoze zonse. Adona iwo amayendadi okha, ndipo chimawadzutsa si khofi koma mpikisano. Pa apu pawo ali pa gulu ndi anzawo a kutchalitchi, aliyense amaona masitepe a mnzake. Mayi wina akangowapitirira, amavala nsapato ngakhale kutada n'kumazungulira bwalo mpaka amupose. Nsanje yawathandiza, BP yatsika. Loweruka lililonse 8 koloko amapita ku parkrun ya ku Delta Park, makilomita 5 aulere, imene anayambitsa Bruce Fordyce mu 2011, mkulu amene anawina mpikisano wa Comrades maulendo 9. Ndinawaperekezako. Anthu amalimbirana poimika galimoto pafupi ndi geti kuti asayende kwambiri, akatero n'kukathamanga makilomita 5.

Nane ndinaiika apu ija m'kafoni kanga. Tsiku limene ndasowa ya taxi ndi limene imandiyamikira kwambiri, ati ndine katswiri, ndipitirize. Ndikafika m'tauni cha ku Noord sindiitulutsa n'komwe, chifukwa kumeneko ukaonetsa foni a tsotsi amakuphunzitsa liwiro kwaulere, koma masitepe ake amakawerengera iwowo.

Chonde musawauze amayi kuti kuno munthu amalipidwa chifukwa choyenda. Ndi maulendo awo aja a kumjigo, kuchigayo, kudimba ndi kunkhuni, akangomva anyamuka wapansi kudzatenga malipiro a zaka zonsezi, ndipo ine chipinda ndili nacho chimodzi.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru. Mugule feteleza thumba limodzi, yotsalayo mukonzetse denga la khitchini mvula isanayambe. Njinga yanga ija musamawabwereke alamu, aziyenda wapansi, ndi mankhwala. Mupereke moni kwa atsibweni ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni