Mlendo ndi mame, kupatula wa m'foni

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho mulandireni ndi nsangala. Komatu adanena izi asanaone Opera Mini, Chrome kapena Phoenix ya m'mafoni a Tecno ndi itel. Tsamba limene limayamba kuoneka mukatsegula intaneti ndi khonde la foni yanu, ndipo pakhondepo pamadzaza alendo osaitanidwa: timabokosi ta ogulitsa malonda, mikangano ya mpira wa ku England, ndi mankhwala omeretsa tsitsi padazi. Mame amenewa sakamuka ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo pa Njuli. Mlimi wa ku Namitambo alowa kuti aone mtengo wa nandolo, koma pomwe azikumbuka nandoloyo n'kuti akudziwa bwino amene wasudzulana ku Lagos, bandulo ya TNM kapena Airtel itapsa kalekale.

Alendowa sadasochere ayi, ambiri mpando wawo adachita kugula. Pamlandu wina ku America zidaululika kuti m'chaka cha 2022 chokha, Google idapatsa Apple madola 20 biliyoni kuti izikhala yoyamba kufufuzirapo pa Safari ya m'mafoni a Apple, ndipo mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta adagamula kuti Google idaphwanya malamulo a mpikisano pamalonda. Kampani siingataye chuma chotere chifukwa cha ulemu. Imadziwa kuti ambirife zimene tazipeza m'foni sitizisuntha, timaziopa ngati kuti adaziika ndi agogo. Chonsecho kupirikitsa alendowa sikufuna kwa amfumu. Dinikizani kabokosi kosafunikako kwa kanthawi, musankhe kuchotsa. Pa Chrome zimitsani Discover, nkhani zongobwera zokhazo zileke. Pa Opera Mini dinani chizindikiro cha + muikepo masamba anuanu. Kholo liike tsamba la MANEB, wophunzira wa ku Catholic University ku Nguludi aike la sukulu yake.

Wina anena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndiye tikawathamangitsa onse, nkhani tizimva kwa yani? Funsolo n'labwino, ndipo palibe akuti mutseke pakhomo ndi minga. Nkhani za boma lino la Chiradzulu kapena za nyengo n'zofunika, ziikeni nokha. Koma kalumo ka mlendo wa m'mwambi uja kamameta inu mukapempha, pomwe ka mlendo wa m'foniyu kamameta mayunitsi anu, chifukwa chithunzi chilichonse chongotseguka chokha chimadya data imene mudagula ndi ndalama ya tomato. Winanso ati akuopa kuononga foni. Ameneyo mtima ukhale m'malo: mukachotsa kabokosi, tsamba lake silifa, mukalifuna mudzalipeza.

Chiradzulu ndi kwawo kwa John Chilembwe, amene mu 1915 adadzuka ku Mbombwe kukana thangata. N'zochititsa manyazi kuti zidzukulu zake zizigwirira thangata otsatsa malonda ndi chala chachikulu, n'kumalipiranso zokha. Tengani foni yanu lero, mlendo amene sakuthandizani mumuperekeze.