Ichi chakoma, ichi chakoma: pusi ndi mipeni ya m'thumba

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pomuseka pusi uja timaiwala kuti mnzathuyo analibe dilowa. Anali ndi manja awiri basi, ndipo potambasulira chipatso chachitatu anayenera kusiya nthambi. Ife a lero tili ndi dilowa, tili ndi foni yotionetsa zipatso za m'mitengo ya ku France ndi ku America pakati pa usiku, tilinso ndi msuweni ku Johannesburg yemwe amafunsa chomwe atitengere pa Khirisimasi. N'chifukwa chake kugwa kwathu kumachedwa. Kumadzafika tsiku lomwe dilowa yakana kutsekeka, mayi a kunyumba n'kuima pakhomo: “Abambo, muno mutsale itatu. Inayo muone kopita nayo.”

Matenda anga ndi mipeni yopinda. Kwathu kuno amenewa si matenda owalengeza, chifukwa anansi akamva kuti ukusunga mipeni ingapo kuchipinda amayamba kukulonjera ndi ulemu wopitirira muyezo.

Ya pamsika ija, yonyezimira, yojambulidwa chinjoka pachogwirira koma yobuntha ikangokumana ndi anyezi, sinanditayitse nthawi. Mavuto anayamba ndi inayi yotsalayo.

Woyamba kuutenga m'manja unali Okapi. Mpeni umenewu unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, ku Germany, kuti uzigulitsidwa m'mayiko a mu Africa omwe Ajeremani ankalamulira. Mu 1988 ntchito yopanga inasamukira ku South Africa. Chogwirira chake n'chofiirira, chili ndi kamwezi ndi tinyenyezi, ndipo kumsana kuli kamphete komwe umakoka ukafuna kuupinda. Poutsegula umalira kuti tetete, kulira komwe aliyense wokulira m'mudzi momwe munali madoda obwera ku Joni amakuzindikira atatembenuka. Madoda aja ankasendera nzimbe, kudulira fodya, kuwengera zikhadabo ndi kugawira nyama pa mpeni womwewo, pakati pake n'kungoupukuta pa thalauza. Mbiri yake kunja si yoti n'kuyiwerenga kutchalitchi: m'makomboni a ku South Africa unkadziwika ngati wa atsotsi, ku Jamaica wa anyamata ovuta a ku Kingston. Chitsulo chake sichichedwa kuchita dzimbiri, koma chimanoleka pa mwala uliwonse, ngakhale pa simenti ya pakhonde. Ndinauika kudzanja lamanja. Wakoma.

Wachiwiri Opinel. Joseph Opinel anayamba kusula mipeni imeneyi mu 1890 kumapiri a Savoie ku France, ndipo mu 1897 anaipatsa manambala, 1 mpaka 12, malinga ndi kukula kwake. Wanga ndi nambala 8, wa chitsulo chotalika masentimita 8.5, wokhala ndi kamphete kozungulira kolokera komwe anawonjezera mu 1955. Ndi wopepuka moti umaiwala kuti uli m'thumba, ndipo chitsulo chake n'chopyapyala. Mango a boloma amauvulira okha khungu. Vuto lake ndi dzinja. Chogwiriracho ndi mtengo, chikamwa chinyezi chimafufuma, mpeni n'kukaniratu kutuluka, chikhadabo mpaka kuthyoka. Eni ake ku France ali ndi njira yawo: umagogoda kumchira kwa chogwirira patebulo mpaka chitsulo chisuzumire. Kayeseni zimenezo kwa apongozi nsima isanafike muone mmene akuyang'anireni. Komabe wakoma.

Nanga wofiira uja wa mtanda woyera? Apa m'pomwe mwambi wathu unapeza fakitale. Karl Elsener anatsegula malo ake osulira ku Ibach, ku Switzerland, mu 1884, ndipo mpeni wa maofesala a usilikali womwe unadzatchuka dziko lonse unatuluka mu 1897. Kuyambira pamenepo amisiri a kampani yakeyo, Victorinox, akhala akuchita za pusi zenizeni, kungoti iwo amalandira malipiro. Kasizasi kakoma, tiike. Kasowo kakoma, tiike. Galasi lokuzira zinthu, cholembera, chochotsera mamba a nsomba, zonse zakoma. Mtundu wa SwissChamp umagwira ntchito 33. Anzawo a Wenger, kampani yomwe Victorinox inagula mu 2005, anafika popanga chimpeni cha zida 87 chomwe chinalowa m'buku la Guinness koma m'thumba la munthu aliyense chinakana. Wanga ndi wapakati. Chotsegulira botolo chagwira ntchito moti utoto unasupuka. Kopanira kaja kazula minga yambiri m'mapazi mwa ana. Kotokosera m'mano kanasowa kalekale, monga kamachitira kwa aliyense. Koma kozungulira kotsegulira vinyo kakadali kachilendo, popeza vinyo amene amafika m'nyumba muno amabwera m'katoni. Mpeni uwu ndi wokhawo womwe ungautulutse pamaso pa abusa iwo n'kupempha kuuona. Wakoma, ndithu wakoma.

Wotsiriza Buck 110, wa ku America, wa mu 1964. Mkuwa uku ndi uku, mtengo wakuda pakati, ukatsegula umatseka loko ndi phokoso la munthu wodziwa chimene akuchita. Anaupangira alenje osenda nyama za m'tchire. Ine nyama yomwe ndimasaka ndimaipeza pa chiwaya, yodulidwa kale, mchere ndi tsabola zili pambali. Umalemera pafupifupi magalamu 200, kotero ukauika m'thumba thalauza limayamba ulendo wopita kumaondo, ukauika m'chikwama chake cha chikopa palamba anyamata a minibasi amakutchula kuti “bwana ofesala”. Mwa yonse, wokongola ndi umenewu. Mwa yonse, womwe unali usanadulepo kanthu koposa ulusi ndi umenewunso.

Abale athu a ku Britain alibe mutu wopweteka ngati wangawu, boma linawasankhira kale. Kumeneko woyenda nawo m'thumba popanda chifukwa chomveka ndi wopinda wopanda loko, wa chitsulo chosapitirira mainchesi 3. Okapi, Buck ndi Opinel wa kamphete uja onse amagona kunyumba.

Ndinatembenuzatembenuza inayiyo mpaka ndinakumbukira kuti amene amalemba za mipeni pa intaneti sanapiteko ku chinkhoswe. Iwo amakangana za mtundu wa chitsulo ndi kulimba kwa loko. Kuno mayeso ndi ena. Mbuzi yagwetsedwa kuseri kwa nyumba, wina akuona chotupa m'thumba mwako: “Achimwene, tabwerekani kampeni kaja kaye.” Kukana sungakane, pali anthu. Mpeni uchoka kwa wosenda kupita kwa wotsuka matumbo, kuchoka apo kwa mnyamata wofuna kudula waya wa sipika, kenako kwa mayi wina yemwe chitini cha mafuta chamukanika. Madzulo ukabwerera umakhala wopanda nsonga, ndipo wobweza amakuuza mokoma mtima kuti unali wobuntha kale. Nthawi zina subwerera n'komwe, umangodzauona chaka chamawa uli m'manja mwa amalume ena omwe akulumbira kuti anagula ku Limbe. Funso loyenera, tsono, ndi lakuti: ndi mpeni uti womwe ndingaubwereketse nsima n'kutsikabe pakhosi?

Okapi amakhoza mayesowa akuseka. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo chipsera chilichonse chimangomuwonjezera ulemu. Wofiira uja amapulumuka mwa ukathyali, chifukwa ndinaumangirira ku makiyi a nyumba, ndipo palibe amene amabwereka makiyi a mwini. Buck sindingathe. Kungoganiza za mkuwa uja ukutsegula chitini, mtima umathamanga.

Za Opinel zinatha mwa njira yomwe sindinaiyembekezere. Mayi a kunyumba, omwe kwa zaka zonsezi akhala akudyetsa banja ndi kampeni kopanda dzina, kogwirira kake komangidwa ndi mphira, anauyesa pa tomato. Sanalankhule kanthu. Mawa lake ndinaupeza m'kabati ya mbale. Mwa malamulo a m'nyumba muno, chilichonse cholowa m'khitchini chatuluka m'kaundula wanga, choncho mipeni inatsala itatu popanda kutaya ngakhale umodzi, ndipo ndinayamba kuyenda ngati munthu wopambana mlandu.

Chimwemwecho chinatha Loweruka, atabwera alamu anga, mchimwene wawo wa mayiwa. Anatsegula Buck, anatseka, anatsegulanso, n'kunena kuti chinthu chotere n'chosayenera munthu wa mu ofesi. Mlongo wawo anavomereza msangamsanga. Lero mpeniwo uli kumudzi, ukusenda chinangwa, kusongola zikhomo za khola ndi kukhomera misomali ndi kumchira kwa mkuwa kuja. Alamuwo amabwera nawo mwezi ukatha kuti ndiwanolere, ndipo nthawi zonse amadandaula kuti ndinawapatsa wolemera.